Madzi Wayang'ana?

Lamlungu, 19 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka. Amayi bondo lija likuwavutabe kukazizira, koma pakamwa pokha ndiye pali bwinobwino. Mudabwa kuti ndalemba pamanja pomwe foni ilipo. Chifukwa chake mukuchidziwa: pa foni inu mumalankhula ngati mukuthamangira odwala ena, ine ndikamati ndisonkhanitse mawu mumakhala mutafika kale pa “chabwino, tamvana”. Papepala simungandidule. Ndiye khalani pansi, muvule nsapato za kuchipatalazo, muwerenge mpaka kumapeto musanandiimbire.

Nkhani ndi ya Bambo. Munanena kuti mukabwera kumapeto kwa chaka n'kuwapeza akadali m'chipinda chija atayang'ana khoma, muwatenga akakhale kwanuko, galaja titseke. Munati chipinda mwakonza kale, ndi zitsulo zogwirira ku bafa mwagula. Zomwe munanena zinali zoona, ndipo ndinakwiya nanu chifukwa chakuti zinali zoona.

Chiwagwereni sitiroko ija, dzanja lamanja silinadzukebe, limangolendewera. Mwendo unabwerera, moti mayi wophunzitsa odwala kuyenda uja anati ndi ndodo angathe kufika ngakhale kumsika. Mawu amatuluka amodziamodzi movutikira, ndipo akaona kuti munthu akudikira amangosiyira panjira. Koma chimene chinkandiopsa ine si dzanja kapena lilime, ndi mpando uja. Mukudziwa kuti zenera la chipinda chawo limayang'ana pabwalo la galaja. Iwo analozera Amayi kuti atseke katani, mpando autembenuzire kukhoma. Munthu amene ankamva galimoto ikukhota pa ngodya n'kutchula matenda ake isanalowe pageti, ankakhala tsiku lonse akuyang'ana penti. Makasitomala akale akabwera kudzawazonda ankatseka maso ngati agona. Ine ndikalowa ndi manja a oyilo kuti ndifunse kanthu, ankapukusa mutu n'kuloza chitseko.

Ndikudziwanso chomwe chinakupwetekani inu, ngakhale simunanene. Chibadwire chathu Bambo sanatiuzepo kuti “muyende bwino”. Kutsanzikana kwawo kunali kumodzi: “Madzi wayang'ana?” Kaya uli pa galimoto, kaya ukukakwera basi, kaya ukupita kusukulu wapansi, funso linali lomwelo, ife n'kumaseka. Tsiku lomwe munkabwerera kwanu mutawasamalira kuchipatala, munaima pakhomo pa chipinda, chikwama chili m'manja, kudikira funsolo. Iwo anangoyang'ana khoma. Ndinakuonani mukupukuta m'maso pageti, munati ndi fumbi.

Tsopano imvani zomwe zachitika. Masabata awiri apitawo kunabwera a Telala, anzawo a Bambo aja a pakamwa posatopa, ndi galimoto yawo yobiriwira yomwe ndi yaikulu kwa ine m'zaka. Anapeza ntchito yosoka mayunifolomu a sukulu ija ili pamwamba pa chitunda chachitali, ndipo amayenera kukapereka okha.

“Kasipanala,” anatero, pakuti kwa iwo dzina lomwe Bambo anandipatsa ndili mwana silinathe ntchito, “galimoto iyi yasanduka ketulo. M'tauni muno imayenda ngati mkwatibwi, koma ikangoona chitunda imayamba kuphika tiyi. Ana a sukulu andipatsa kale dzina, akuti a Nthunzi.”

Ankalankhula mokweza monga mwa masiku onse, ataima pakati pa bwalo. Atamaliza anayang'ana katani yotseka ija, n'kufunsa monong'ona ngati mnzawo angawalole kulowa. Ndinapukusa mutu. Anavula chipewa, n'kuchivalanso, n'kupita wapansi.

Ndinayamba monga anatiphunzitsira Bambo inu musanathawire ku majakisoni: usanang'ambe injini, funsa kaye tinthu tating'ono. Ndinaidikira kuti izizire, n'kutsegula rediyeta. Madzi anali otsika pang'ono, omwe inataya powira. Ndinayala katoni pansi pake kuti ndione ngati ikudontha, katoni anakhala wouma. Labala ya chivundikiro cha rediyeta inali yosang'ambika. Oyilo anali wakuda bwino, osati wosanduka ngati tiyi wamkaka, ndipo nditailiza injini m'khosi mwa rediyeta simunatuluke thovu, choncho gasiketi, yomata mutu wa injini ija, ndinaichotsa pa mlandu. Lamba wa pampu ya madzi anali wokoka bwino. Fani inkadzuka pa nthawi yake. Themositati, kachitseko kaja kamene kamatsegulira madzi njira injini ikatentha, ndinakaika m'poto pa moto, ndipo kanatseguka bwinobwino madzi atayandikira kuwira. Amayi anandipeza ndikukavuula ndi pulayala.

“Iwe, ndi poto wanga wa mkaka ameneyo! Bambo ako anandithera mapoto, tsopano wayamba iwe? Magazi awa ndi oipa ndithu.”

Chotsala chinali rediyeta yeniyeniyo. Nditamasula kapulagi kapansi, kunatuluka madzi ofiira ngati a mtsinje wosefukira, okhala ndi tizidutswa ta dzimbiri tonga waya wothyokathyoka. Ndinati eya, ndakugwira. Ndinaitsuka mpaka madzi kumatuluka oyera, n'kuthira ena pamodzi ndi mankhwala obiriwira aja oletsa dzimbiri. Ndinazungulira nayo misewu ya kuno kwathu, kamuvi kosonyeza kutentha kali pakati, osagwedezeka. Ku chitunda sindinapite. Ndinati ndapeza kale vuto, mafuta ndiwonongerenji.

Pobwerera, malo ena onse pabwalo anali ndi magalimoto, ndiye ndinaimika pansi penipeni pa zenera la Bambo. Ndisanazimitse injini ndinaona katani ikugwedezeka, pang'ono pokha, pa ngodya. Kunalibe mphepo tsiku limenelo. Injini imeneyo Bambo anaiphwasulapo kawiri n'kuimanganso, amaidziwa mawu ake ngati a mwana wawo. Ndinakhala m'galimotomo nditagwira chiwongolero, ndipo m'mutu mwanga munalowa maganizo omwe inu anesi simungawalembe pa khadi la wodwala.

Apa ndiye musandiweruze msanga. Fani ya galimotoyi ndi yamagetsi, ili ndi mawaya awiri. Ukawasinthanitsa imazungulira chobwerera: m'malo mokoka mphepo yozizira kuchokera kutsogolo, imakankha mpweya wotentha wa injini kudutsa mu rediyeta. Ukaiyang'ana umaona ikuzungulira, ukaimvetsera ikulira bwinobwino, koma galimoto ikaima nthawi yaitali imatentha. Ndi vuto lomwe limaimitsa mitu amakaniko ambiri, ndipo Bambo ankalikonda kwambiri, chifukwa ankalipeza ndi kampango kokha anthu akuonerera. Ndinasinthanitsa mawayawo, achemwali, ine ndemwe, n'kukulunga ndi tepi.

A Telala atabwera kudzatenga galimoto ndinawatengera kuseri kwa galaja n'kuwafotokozera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope itagwa.

“Mwana iwe, ukufuna tinamize munthu wodwala?”

“Eya.”

“Mnzanga wa zaka zonsezi?”

“Eya, a Telala.”

Anakonza kolala ya shati yawo. “Chabwino. Ine ndinena chiyani? Undipatse mawu ambiri. Kusukulu ndinkachita masewero ine, anthu ankalira.”

Amayi sitinawauze, koma mukuwadziwa. Madzulo ake akutsuka poto uja anangoti, osandiyang'ana n'komwe, “Ine sindinaone kanthu, sindinamve kanthu. Koma katani ya m'chipinda cha bambo ako yada kwambiri. Mawa ndiichapa.” M'mawa kutacha katani inali pa chingwe, zenera lili poyera, ndipo sindinaonepo katani yochedwa kuuma ngati imeneyo.

Tinailiza galimoto pansi pa zenera, dzuwa litakwera. Kamuvi kanayamba kukwera pang'onopang'ono. A Telala anayamba ntchito yawo, manja ali m'mwamba.

“Kalanga ine! Mwana uyu wandiphera galimoto! Taonani, lero ikuwira ngakhale itaima! Kodi pakhomo pano amakaniko anatha?”

Ine ndinayankha mokweza mawu omwe ndinkadziwa kuti kwa Bambo ndi tchimo lalikulu: “Palibe kuchitira mwina, a Telala. Ndi gasiketi basi. Ting'ambe injini.”

Tinadikira. Pa zenera pankaoneka msana wa mpando ndi imvi za kumbuyo kwa mutu, basi. Kamuvi katayandikira pofiira ndinazimitsa, pakuti sindikanalola kuwotcha injini ya munthu chifukwa cha sewero. Madzulo nditawapititsira tiyi, Bambo sananditembenukire. Manyazi anandigwira. Ndinadziona ngati mwana woseweretsa bala la kholo lake, ndipo ndinatsala pang'ono kukabwezera mawaya aja m'malo mwake. Amayi ndi amene anandiletsa. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha, komanso tiyi uja Bambo anamwa yense, zomwe sanachite kwa nthawi yaitali.

Mawa lake tinabwereza. Kunja kunatentha kuposa dzulo lake, ndipo a Telala anali atagona akuloweza mawu atsopano. Anatchula ana amasiye oyenda opanda yunifolomu, anatchula singano yawo yokalamba, anatchula ngakhale malemu agogo awo. Injini inayamba kununkha kutentha. Ine ndinatembenuka kuti ndikatenge sipanala yaikulu, yongoonetsera kuti ndayamba kung'amba. Ndili chotembenuka choncho ndinamva a Telala akuti, “Basi, ndithira madzi ndekha!” Pocheuka ndinaona dzanja lawo, lopanda ngakhale kansanza, lili pa chivundikiro cha rediyeta yotentha, ndipo ankachipotokola zenizeni. Sewero linali litawalowa m'mutu mpaka kuiwala kuti moto wake si wa sewero. Ndinatsegula pakamwa, koma mawu omwe anamveka sanali anga.

“SIYA!”

Achemwali, agalu a kwa aneba anauwa. A Telala analumphira m'mbuyo n'kugwera pa mulu wa matayala. Pa zenera panali Bambo, ataimirira, dzanja lamanzere litagwira zitsulo za pazenera, maso ali psu. Sindikudziwa kuti anadzuka bwanji pampandopo okha. Ndinathamanga kukazimitsa injini. Chivundikiro chija chikanatseguka, madzi owira akanawasenda a Telala nkhope, ndipo mlandu wake ukanakhala wanga.

Kenaka Bambo anachoka pa zenera. Tinamva mpando ukukhululuzika, chitseko chikulira, ndodo ikugunda pa simenti. Anatenga nthawi. Amayi anathamanga kuti akawagwire mkono pa sitepe ya pakhonde, koma iwo anawakankha pang'ono ndi chigongono. Anatsika okha, atavala malaya ogonera ndi masilipasi, maso akuphethira ndi dzuwa lomwe anali asanalione chichokereni kuchipatala. Anafika pamaso pa a Telala, n'kukokera m'mwamba mkono wa malaya kudzanja lofa lija, kuwaonetsa chipsera chija chomwe nthunzi ya rediyeta inawasiyira ali mnyamata wophunzira ntchito. A Telala anavula chipewa.

“Ndalakwa, achimwene. Koma mwadzuka bwanji?”

Bambo anayang'ana ine n'kuloza kiyi ndi chibwano. “Liza.”

Ndinailiza. Popeza inali yotentha kale, fani inadzuka nthawi yomweyo. Bambo anatsamira pa galimoto, n'kusolola kampango koyera kaja komwe a Telala amaika m'thumba la pachifuwa, n'kukatambasula kutsogolo kwa rediyeta. Fani ikamakoka bwino kampango kamamatirira. Aka kanauluka n'kukagwera pa mapazi a Amayi. Bambo anasuzumira mu boneti, nsonga ya ndodo ikutsatira mawaya, mpaka inaima pa tepi yanga. Inali yatsopano, yonyezimira pakati pa mawaya a fumbi, ndipo kumapeto kwake ndinali nditapinda kachidutswa kuti isadzavute kumasula. Pa dziko lonse amene amapinda tepi choncho ndi anthu awiri, ine ndi amene anandiphunzitsa.

Anayang'ana tepi, n'kuyang'ana ine. Anayang'ana a Telala, omwe mwadzidzidzi anayamba kuchita chidwi ndi mitambo. Anatembenuka n'kuyang'ana zenera lopanda katani, katani youma gwaa pa chingwe, ndi Amayi atagwira kampango m'manja. Ndinkati abwerera m'chipinda, ndipo ulendo uno sadzatulukanso.

“Bodza,” anatero. Anapuma, milomo ikulimbana. “Nonse... bodza.”

Kenaka phewa lawo linayamba kugwedezeka. Poyamba ndinkayesa akutsamwa. Kunali kuseka, achemwali, kwa mbali imodzi ya pakamwa, komveka ngati galimoto yofooka batire, koma kuseka ndithu, mpaka misozi. A Telala nawo anayamba chikhakhali. Amayi anakhala pa tayala n'kubisa nkhope m'kampango ka eni ake, ndipo ine ndinalira poyera, osanamizira fumbi.

Ndinabwezera mawaya m'malo mwake iwo akuyang'ana. Kampango kanamatirira pa rediyeta ngati kapakidwa ulimbo, kamuvi kanatsikira pakati. Ndinaganiza kuti zatha, ndipo ndinagwira boneti kuti nditseke. Ndodo inabwera n'kupingasa.

“Chitunda,” anatero Bambo.

Sindinamve msanga. Anabwereza, akuloza a Telala, kenaka kumtunda. Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira zinthu ziwiri. Choyamba, ankanena zoona: galimotoyi inabwera ndi dandaulo lowira pa chitunda, ikuthamanga, ndipo vuto lotero si la fani, chifukwa galimoto ikamayenda mphepo imalowa yokha. Bodza langa analipeza, koma matenda enieni ankakayika kuti ndawachiza. Chachiwiri ndi chomwe chinandibaya mumtima. Za chitunda zija a Telala anazifotokoza bwino tsiku loyamba lija, katani ili chitsekere. Ndiye kuti masiku onsewa munthu yemwe tinkati akuyang'ana penti ankamvetsera chilichonse cha pabwalo, galimoto iliyonse, cholakwa changa chilichonse, ali yekhayekha.

Analozera a Telala kuti akhale pa chiwongolero. “Ponda.” Ine anandilozera pansi, nsonga ya ndodo italunjika payipi yaikulu yakunsi, yomwe imatenga madzi ozizira kuchokera mu rediyeta kupita ku pampu. Ndinagwada, kutali ndi lamba, n'kuunika ndi tochi. Injini ikulira pang'onopang'ono payipiyo inali yozungulira bwinobwino, yosalakwa kanthu. A Telala atapondereza mafuta, injini n'kukuwa ngati ili pa chitunda, ndinaona ndi maso angawa payipi ikuphwa, ikuphwa, mpaka kukhala yaphwatalala ngati yapondedwa. Atachotsa phazi inafufumanso. Pampu ikamakoka mwamphamvu inkaifinya payipiyo n'kudzitsekera yokha madzi. N'chifukwa chake m'tauni inali mkwatibwi, pa chitunda ketulo.

Titazimitsa n'kudikira kuti izizire, Bambo anagwira dzanja langa ndi lamanzere lawo, n'kuliika pa payipi, n'kufinya pamwamba pa zala zanga. Inali yofewa ngati nthochi yakupsa kwambiri. M'kati mwa payipi imeneyi mumakhala waya wopindapinda, sipuling'i, woigwira kuti isaphwe. Titaichotsa tinapeza kuti wayayo anadyeka ndi dzimbiri, kunatsala zidutswa zokha. Tizidutswa tija ndinationa potsuka rediyeta, n'kutitaya ngati litsiro, tinali umboni womwe unadzipereka wokha m'manja mwanga. Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndikanawapatsa a Telala galimoto yawo ndi mtima wonse, iwo n'kukaphikanso tiyi pamalo pomwe paja.

A Telala anatuluka m'galimoto akugwedeza mutu. “Mwaona? Galu wamkota sakandira pachabe.”

Bambo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Galu... ndiwe.”

Amayi akuti chiyambireni matendawa amenewo ndiwo mawu omveka bwino kuposa onse.

Payipi yatsopano ndinakaipeza kwa ogulitsa zipangizo, ndipo ndisanailandire ndinaifinya kuti ndimve sipuling'i m'kati. Pobwera ndinapeza Amayi atatulutsa mpando uja n'kuuika pamthunzi wa galaja, Bambo atakhalapo, ndodo ili pa miyendo. Ndinagwira ntchito yonse ndi maso awo ali pamsana panga. Nditathira madzi ndinafuna kutseka, ndodo inagunda pansi kawiri. Ndinali nditaiwala kutulutsa mpweya wotsalira m'njira za madzi. Ndinakweza kutsogolo kwa galimoto ndi jeke, n'kutsegula hita, n'kuiliza chivundikiro chili chotsegula kuyambira ili yozizira, mpaka thovu lonse litatha ndipo payipi yakumtunda itafunda. Ndinawayang'ana. Anagwedeza mutu kamodzi, monga ankachitira kale, ngati munthu wopereka chinthu chomwe sakufuna kupereka.

Poti tikaiyese pa chitunda, ndinkati ndipita ndi a Telala okha. Ndinapeza Bambo atatsegula kale chitseko chakutsogolo, akulimbana ndi kulowetsa mwendo. Amayi anathamangira jekete kuti abise malaya ogonera. Ine ndinayendetsa, a Telala anakhala kumbuyo atapanikizika pakati pa mitolo ya mayunifolomu. Ulendo wonse Bambo sanayang'ane msewu, nyumba kapena anthu. Maso anali pa kamuvi. Titafika pakati pa chitunda, pomwe pali banga lofiira m'mbali mwa msewu la madzi omwe galimotoyi inkasanza, a Telala anatulutsa mutu pa windo n'kupatsanzika pamalopo mwaulemu wonse. Kamuvi kanakhala pakati ngati kakhomedwa ndi msomali. Pamwamba, nditaima pageti la sukulu, Bambo anasisita galimotoyo kutsogolo kwawo ndi dzanja lamanzere, kenaka dzanja lomwelo analiika pa phewa langa. Silinakhalitse, mukuwadziwa.

Sindikufuna kukunamizani, poti bodza la mwezi uno ndamaliza kale. Bambo sanachire. Mawa lake anagona tsiku lonse ndi kutopa. Tsiku lina anatuluka, koma kasitomala wachilendo atawafunsa funso n'kuyamba kuwamalizira mawu, analowa m'nyumba ndipo sanadye. Dzanja lija mwina silidzagwiranso sipanala. Pali masiku omwe amakwiya ndi lilime lawo mpaka kumenya ndodo pansi. Koma masiku ambiri tsopano amatuluka dzuwa likafunda, amakhala pakhomo pa galaja, ndipo galimoto ikamalowa pageti ndimawaona akupendeketsa mutu. Dzulo anandipezera pampu yolira pa galimoto ya aphunzitsi ena ine ndisanatsegule boneti. M'chipinda mpando uja wayang'ana kuzenera, ndipo katani Amayi anaibwezera koma ndi yomanga mfundo. A Telala anatenga ovolosi ya Bambo, n'kuchotsa mabatani onse, n'kusokerera zipi yaitali yokhala ndi kachingwe kokokera ndi dzanja limodzi. Amabwera madzulo aliwonse kudzatukwanidwa, ndipo amapita akusangalala.

Ndivomerenso kuti sizinali za Bambo okha. Ine ndinkaopa kutsala ndekha pabwalo lino, ndi amakaniko anzanga aamuna omwe amadikira kuti ndilakwitse. Ndinkadziona ngati ndatha kuphunzira, payipi imodzi yandionetsa kuti ndikadali ndi njira yaitali, ndipo mphunzitsi wanga ali pompano. Inunso ndikudziwa kuti simukufuna kutilanda munthu. Mukufuna akhale pomwe maso anu angawaone, chifukwa kukhala kutali kukukudyani. Sindikukutsutsani pa zimenezo.

Pempho langa ndi ili. Bwerani ndithu kumapeto kwa chaka, ndi ana omwe, koma musabwere mutagamula kale. Mudzakhale pa tayala m'mawa umodzi, mudzaone nokha. Mukadzaonabe kuti kwanuko n'kwabwino, tidzawafunse eni ake, pakuti “ayi” tsopano amamutchula bwino kwambiri. Zitsulo za ku bafa zija mubwere nazo, ndidzazimanga kuno. Mubwerenso ndi kampira kofinya kolimbitsa zala komwe munanena kaja, ngakhale ndikukayika ngati angakakonde kuposa payipi yakale ija, yomwe akana kuti nditaye ndipo amaifinya akakhala pampando.

Amayi akupereka moni, akuti mubwere ndi poto wa mkaka. A Telala akuti muwauze alamu kuti suti ija ikakhala yathina asaitaye, m'mbali muli nsalu yotsala. Mundipsompsonere ana, wamkuluyo mumuuze kuti mayi ake aang'ono amusungira sipanala yaing'ono.

Ndisanamate envelopu ndinapita kwa Bambo pakhonde n'kuwauza kuti ndikulembera inu. Ndinafunsa ngati ali ndi mawu. Anayang'ana kugeti komwe munatulukira. Anayamba, mawu anakana. Anayambanso, anakananso, ndipo ndinaluma lilime kuti ndisawathandize. Kachitatu anatuluka onse, ndipo ndalemba monga ananenera:

“Madzi... wayang'ana?”

Yankho lake musandipatse ine. Muwaimbire eni ake, ndipo mukafunsa kanthu musafulumire. Adikireni, amafika.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Kasipanala